Ku Embangweni, mwana wosamva anapeza kalasi mu 1994

Mukapatuka pa Jenda kusiya msewu wa M1 n'kulowera kumadzulo, mumakafika ku Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku m'boma la Mzimba. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1902, m'busa wa ku Scotland Donald Fraser atasamuka ku Hora, ndipo anaitcha Loudon. Fraser amakumbukidwa chifukwa cholimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za m'tchalitchi m'mayimbidwe a kwawo, mpaka kumachititsa mipikisano. Anadziwa kuti munthu amagwira msanga chimene chamufikira m'njira yozolowera. Komabe panapita zaka 92 nzeru imeneyi isanafike kwa mwana wosamva.

Sukulu zoyamba za ana osaona m'dziko muno zinatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 ku Chilanga ku Kasungu ndi ku Lulwe ku Nsanje. Ana osamva anadikirabe mpaka abulazala a Katolika ochokera ku Netherlands atayamba ntchito ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kuli sukulu ya Maryview ndi koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana a ulumali. Njira yawo inali ya pakamwa, imene inafala m'mayiko ambiri kutsatira msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva wa ku Milan wa 1880. Mwana ankayang'anitsitsa milomo ya mphunzitsi, n'kuika dzanja pakhosi pake kuti amve kunjenjemera kwa mawu, kenako n'kuyesa kutulutsa liwu limene iye mwini sadzalimva. Amene anali ndi kakumva kotsalira ankapindula. Amene anabadwa osamva konse ankavutika nazo, ndipo akatuluka panja ankacheza okhaokha ndi manja.

Nanga kholo la ku Edingeni kapena ku Mabulabo likanafika bwanji ku Chiradzulu? Mwana wotere ankangotsala pamudzi, kubusa ng'ombe.

Chaka cha 1994 chinasintha zambiri. Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana analembetsa kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ku Salamanca m'dziko la Spain mayiko anagwirizana kuti ana a ulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Chaka chomwecho sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula sukulu ya ana osamva ku Embangweni, imene inalola chinenero cha manja kulowa m'kalasi pamodzi ndi kuyankhula ndi kulemba. Zimaoneka ngati zosemphana, dziko likukamba zophatikiza ana, ku Mzimba akumanga sukulu yapadera. Ine ndimaona kuti anachita bwino, pakuti mwana wopanda chinenero ukamukhazika pakati pa anzake akumva, wangomupatsa malo okhala basi.

Luso lophunzitsa ana osamva lili m'tinthu ting'onoting'ono. Mphunzitsi wa ana osamva sayankhula atatembenukira kubolodi. Saima pawindo pamene kuwala kungabise nkhope yake. Akafuna kuti ana amuyang'ane amagwedeza dzanja m'mwamba kapena kukhudza mwana paphewa, ndipo amawakhazika mozungulira kuti aliyense aone manja a mnzake akamayankha.

Kuchokera pa lamulo la anthu a ulumali la 2012 ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, luso lomweli likufunidwa kwa mphunzitsi wamba wa pa boma la Mzimba kapena wa ku Khosolo. Iyeyo ali kale ndi mtolo wake. Ana amabwera ndi Chitumbuka, chimene chinachotsedwa m'sukulu mu 1968, pamene mabuku ali m'Chichewa ndi Chingerezi, ndipo m'makalasi a m'munsi ana kupitirira 100 si zachilendo. Aphunzitsi akhama amapeza pothawira: wosaona bwino amamuika kutsogolo n'kumulembera zilembo zikuluzikulu, masamu amawerengetsa ndi zitsekerero za mabotolo, wochedwa kumvetsa amamupatsa mnzake womufotokozera m'Chitumbuka. Zimenezi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa chinenero cha manja, chimene dikishonale yake yoyamba inatuluka mu 2021, bungwe la anthu osamva la MANAD litailimbikira kwa zaka zambiri.

Vuto limaonekera kwambiri mwana wosamva akakhoza mayeso a Sitandade 8. Ku sekondale amakapeza aphunzitsi ambiri osadziwa chinenero cha manja, womasulira palibe, iye n'kumangokopera notsi za mnzake wokhala naye pafupi.