Chifuwa chachikulu cha nyama zoweta za mtundu wa deer: mmene chimafalira ndi mmene chimadziwikira

Deer ndi nyama za kumaiko akutali zofanana ndi nswala kapena mbawala, kungoti nyanga za zamphongo zimakhala ndi nthambi ndipo zimagwa chaka ndi chaka. Ku New Zealand, ku Britain, ku Canada ndi ku America anthu amaziweta m'mipanda pofuna nyama ndi nyanga zake. Mwina mukudabwa kuti nkhaniyi ikukukhudzani bwanji inu amene mwabwera kuchipatala kapena mukusamalira wodwala. Kachilombo kamene kamavutitsa nyamazi, kotchedwa Mycobacterium bovis, ndi komweko kamene kamapezeka mu ng'ombe za kuno kwathu, mu njati za ku Kruger National Park ku South Africa, ndiponso mu lechwe za ku Kafue Flats ku Zambia. Kamagwiranso anthu. Bungwe la WHO linayerekeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 147,000 anadwala TB yochokera ku nyama, ndipo pafupifupi 12,500 anamwalira. Dera limene linakhudzidwa kwambiri ndi Africa.

Mmene matendawa amafalira

Kuthengo nyamazi zimamwazikana, koma mumpanda zimathithikana, zimadyera m'chodyera chimodzi ndi kumwera pamalo amodzi. Yodwala imasiya tizilombo m'malovu ndi m'mamina, ndiponso mumpweya ikamatsokomola. Pali chinanso chimene chimaonekera kwambiri mwa nyamazi: anabere a pakhosi ndi pansi pa chibwano amatupa, amachita mafinya, ndipo nthawi zina amaphulika kunja kwa khungu. Zinzake zikanunkhiza kapena kunyambita pamenepo, zimatenga matendawa.

Nyama zakutchire nazo zimathandiza kuwafalitsa. Ku New Zealand kanyama kotchedwa possum kakadwala kwambiri kamayenda modzandira masana, ndipo deer, pokhala nyama yachidwi, imakayandikira ndi kukanunkhiza. Koma kawirikawiri matendawa amalowa pafamu kudzera pachipata: mlimi amagula nyama yonenepa bwino, osadziwa kuti ili ndi tizilombo m'thupi. Nyama yotere imatha miyezi kapena zaka isanayambe kuonda.

Kuyeza nyama

Popeza maso okha sangazindikire nyama yodwala, madokotala a ziweto amayeza pakhungu. Amameta ubweya pakati pa khosi, amabaya mankhwala otchedwa tuberculin m'kati mwa khungu lenilenilo, kenaka amabweranso patapita maola 72 kudzaona ngati patupa. Ntchitoyi ndi yovuta kuposa pa ng'ombe, chifukwa khungu la deer ndi lopyapyala ndipo nyamayo ndi yamantha. Pamafunika kuwala kokwanira ndi dzanja lozolowera.

Kutupako sikutsimikizira kuti ndi TB. Kachilomboka kali ndi abale ake ambiri m'nthaka, m'madzi ndi mu mbalame. Mmodzi mwa iwo amayambitsa matenda a Johne's, otsegula m'mimba ndi kuondetsa nyama, amene ndi ofala m'mafamu a deer. Nyama imene inakumanapo ndi tizilombo toteroto imatha kutupa ngakhale ilibe TB. Pofuna kusiyanitsa, amabaya tuberculin wa mitundu iwiri, wa ng'ombe ndi wa mbalame, pamalo awiri oyandikana, n'kuyerekeza kukula kwa zotupazo; mwinanso amayeza magazi. Choopsa kwambiri ndi chakuti nyama imene matenda afika nayo patali nthawi zina situpa konse, pamene ndiyo ikufalitsa tizilombo tambiri. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi sikukwana, ndipo gulu lonse limayezedwa mobwereza.

Umboni weniweni umapezeka nyama ikaphedwa. Oyeza nyama amang'amba anabere a kuseri kwa mmero, a m'chifuwa ndi a m'matumbo. Akapeza mafinya, amatumiza kachidutswa kulabotale, kumene tizilomboti timatenga milungu 6 mpaka 8, ngakhale kupitirira, kuti timere. Njira ya PCR imafulumirako. Ku Britain, kuyambira 1989, lamulo limakakamiza aliyense amene akukayikira TB mwa nyamazi kudziwitsa boma.

Zimene inu muyenera kudziwa

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, TB itabuka m'mafamu a elk, womwe ndi mtundu waukulu wa deer, ku Alberta m'dziko la Canada, anthu ena ogwira ntchito ndi nyamazo anapezeka kuti atenga tizilomboti, ndipo dokotala wa ziweto mmodzi anadwala. Ngozi yomweyo ili pa aliyense amene amasenda nyama ndi kutulutsa zam'kati, kaya pafamu ya nyama zakutchire ku South Africa, kaya kophera ng'ombe kumsika. Valani magolovesi, mangani mabala a m'manja, ndipo musaboole chotupa cha mafinya. Nyama yokhala ndi zotupa ionedwe ndi alangizi a ziweto isanadyedwe. Komabe kuno kwathu njira yaikulu ndi mkaka wa ng'ombe wosawiritsa. Uwiritseni musanamwe, ngakhalenso musanapange chambiko, pakuti kusasa kwa mkaka sikungadaliridwe kuti kupha tizilomboti.

Mwa munthu, TB imeneyi ingakhale m'mapapo, ndi zizindikiro zodziwika kale: kutsokomola kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuonda. Koma ikalowera m'kamwa imakonda anabere a pakhosi ndi m'mimba, makamaka mwa ana, ndipo pamenepo makhololo akhoza kusaonetsa kanthu. Amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu.

Makina a GeneXpert amanena kuti TB ilipo, koma sasiyanitsa ya anthu ndi ya nyama. Kusiyanako n'kofunika, chifukwa mwa mankhwala anayi amene wodwala TB amayamba nawo, pyrazinamide sapha Mycobacterium bovis, ndipo madokotala kawirikawiri amatalikitsa chithandizo kufika miyezi 9 m'malo mwa 6. Choncho auzeni azaumoyo ngati mumaweta, mumakama, mumasaka kapena kusenda nyama, ndiponso ngati pakhomo panu mumamwa mkaka wosawiritsa, ngakhale iwo asanakufunseni. Ngati mwayamba kale mankhwala, musawasiye kapena kuwasintha panokha. Mukaona kuti simukupeza bwino patatha miyezi iwiri, bwererani kuchipatala ndi kukatchulanso za nyamazo.