Kuyeza Kafukufuku wa Maopaleshoni a Ubongo m'Maiko Osauka

Kuyeza kafukufuku wa maopaleshoni a ubongo ndi msana ndi ntchito yowerenga nkhani zimene madokotala a dziko lililonse asindikiza m'magazini a zachipatala, ndi kuona kuti ofufuza anzawo azitchula kangati. Owerengawo amasanthula nkhokwe za pa intaneti monga PubMed ndi Scopus, ndipo nkhani iliyonse amaipatsa dziko potengera adiresi ya wolemba. Muyezo wodziwika kwambiri ndi h-index, umene Jorge Hirsch anauyambitsa mu 2005. Dokotala akakhala ndi h-index 10, ndiye kuti ali ndi nkhani 10 zimene iliyonse yatchulidwa kosachepera ka 10.

Franco Servadei wa ku Italy ndi anzake atawerenga nkhani zotuluka kuyambira 2015 mpaka 2017, anapeza kuti zochokera m'maiko osauka sizinafike 5 pa 100 zilizonse, ndipo zambiri mwa zochepazo zinali za ku India. Chonsecho odwala ochuluka ali m'maiko osaukawo. Gulu la Michael Dewan linayerekeza mu 2018 kuti maopaleshoni otere oposa 5 miliyoni amalephereka chaka chilichonse, ndipo pakusowa madokotala pafupifupi 23,300.

Kuwerengaku kuli ndi chilema chake, ndipo boma la Chadiza, kumalire a Zambia ndi Mozambique, likuchionetsa bwino. Khanda lamadzi m'mutu, kapena mnyamata amene wavulala mutu pa ngozi ya njinga yamoto, amatumizidwa ku Chipata Central Hospital. Zikavuta, ulendo umakhala wa ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, ku University Teaching Hospital. Nkhani yake ikadzalembedwa, adiresi idzakhala ya ku Lusaka. Amene sanafike n'komwe chifukwa chosowa ndalama yoyendera sapezeka m'chiwerengero chilichonse. Nayenso dokotala amene amatandala m'chipinda cha opaleshoni, nthawi yolemba aitenga kuti? Magazini ambiri akunja amalipiritsanso wolemba ndalama zankhaninkhani.

Komabe kuchepa kwa nkhani sikutanthauza kuti nkhanizo n'zopepuka. Ku Mbale m'dziko la Uganda, Benjamin Warf wa pachipatala cha ana cha CURE ankalemba mosamala mbiri ya khanda lililonse, ndipo mu 2005 anaonetsa kuti ambiri mwa ana amadzi m'mutu kumeneko amayamba vutoli atadwala matenda oyambitsidwa ndi tizilombo. Iye anakonzanso njira yotsegulira madziwo mpata m'kati mwa ubongo popanda kuika kachubu, kamene kakatsekeka mwana ali kumudzi moyo wake umakhala pachiswe. Mu 2017 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa makanda 100 a ku Mbale woyerekeza njira imeneyi ndi yoika kachubu.

Muyezo umene ungathandize Chadiza ndi woyambira m'kaundula wa chipatala cha boma: odwala angati anatumizidwa, angati anafika, ndipo angati anabwerera kwawo atachira.