Tanthauzo la Mawu Akuti Tallboy

Mawu akuti Tallboy, omwe m'Chingerezi amatanthauza mnyamata wamtali, ndi dzina la bomba lalikulu limene Barnes Wallis wa ku Britain anapanga pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndipo dzinali linkayenerana ndi maonekedwe ake, pakuti bombalo linali lalitali mamita oposa 6 ndiponso lolemera pafupifupi makilogalamu 5,400. Bombali linathandiza kwambiri pomenya madoko, chifukwa asilikali a Germany ankabisa sitima zawo zoyenda pansi pa madzi m'nyumba za madenga a konkire ochindikala kwambiri, amene mabomba wamba sankatha kuwaboola. Ndege zikuluzikulu za Lancaster zinkaliponya kuchokera m'mwamba kwambiri, ndipo zipsepse zopendekeka za kumchira kwake zinkalizunguza kuti litsike molunjika, lilowe mkati mwa konkire kapena nthaka, kenako n'kuphulika. Mu 1944 mabomba amenewa anagwetsedwa pamadoko a Le Havre ndi Brest ku France, ndipo pa 12 Novembala chaka chomwecho anamiza Tirpitz, sitima yaikulu yankhondo ya Germany, pafupi ndi Tromsø ku Norway, pomwe amalinyero mazana ambiri anafa.