Ndalama ya Kaisara ndi Kobiri la Agogo

Ku maiko a ku Ulaya kuli anthu amene nthawi yao yopuma amaithera posonkhanitsa ndalama zakale za Aroma. Palibe sitolo imene ingalandire ndalama zotere, pakuti ufumu wace unagwa kalekale. Eni ace amangozisunga m'timabokosi, naziwerenga monga munthu awerengera kalata. Khalidweli si la lero ai. Suetonius, wolemba mbiri wa Ciroma, anasimba kuti Augustus pa masiku a cikondwerero ankagawira anzace ndalama zakale za mafumu ndi za maiko acilendo. Ndipo Petrarch wa ku Italy, amene anamwalira mu 1374, ankalandira ndalama za Aroma kwa olima minda ya mpesa amene anazifukula ndi khasu.

Tsono inu amene mudzatumidwa kukaphunzitsa ku Ndirande kapena ku Bangwe mungafunse kuti, Nanga zimenezi zitikhudza bwanji, popeza Aroma sanaponde m'dziko muno? Sanapondemo ndithu, koma dzina la ndalama yao linafika, nililembedwa pa masileti a ana kwa zaka zambiri. Funsani agogo a ku Zingwangwa amene anaphunzira masamu caka ca 1971 cisanafike. Adzakuuzani kuti kobiri ankalilemba 1d, tiki 3d, ndi kuti makobiri 12 ndiwo sheleni, masheleni 20 ndiwo paundi. Mukawafunsa kumene d ameneyu anacokera, pamene mau a Cingelezi a kobiri ayamba ndi p, ambiri adzangoseka. Cilemboco ndico ciyambi ca mau a Cilatini akuti denarius. S wa sheleni ndiye solidus, ndalama yagolidi imene Constantine anayambitsa. Ndipo cizindikiro ca paundi ndi L wokhotakhota wa libra, muyeso wa kulemera wa Aroma. Mfumu Charlemagne, pafupi ndi caka ca 794, inakhazikitsa kuti madenarius 240 azituruka mu libra imodzi ya siliva. Angelezi anatsata mawerengedwe omwewo, nadza nao ku Blantyre pamodzi ndi msonkho ndi masitolo. Mu 1971 Malawi anayamba kwacha ndi tambala, ndipo caka comweco Britain nayenso anataya d wace.

Denarius mwini wace anali kandalama kasiliva kolemera pafupifupi magalamu 4. Anayamba kusulidwa pafupi ndi caka ca 211 Kristu asanabadwe, pamene Aroma analikumenyana ndi Hannibal wa ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Afrika. Ndiye malipiro a tsiku limodzi a anchito a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20, ndiyenso ndalama ya msonkho ya pa Mateyu 22. Omasulira Buku Lopatulika la 1922, pofuna mau amene anthu a kuno akanamva, anamucha rupiya latheka, cifukwa rupiya ya ku India ndiyo inayenda m'manja mwa anthu m'masiku oyamba a Boma la Angelezi. Mwana wa ku Chilomoni akawerenga mau awiri amenewa agwira Roma ndi India nthawi imodzi osadziwa. Ngakhale mau oti ndalama, akatswiri a zinenero amati anacokera ku darahim ya Aarabu, imene kholo lace ndi drachma ya Agriki. Osonkhanitsa amalimbirana denarius wa Tiberius, amene analamulira kuyambira caka ca 14 kufikira 37, poti ndiye anali Kaisara wa masiku a funso lija la msonkho. Ndipo mtengo wace umakwera cifukwa ca ico, ngakhale ndalamazo zinasulidwa zocuruka.

Luso leni leni la wosonkhanitsa ndilo kuwerenga. Pa ndalama ya Aroma simudzapezapo caka colembedwa monga pa zathu. Pali mutu wa mfumu, ndi maudindo ace ofupikitsidwa mozungulira. Ndipo popeza udindo wolembedwa TR P unkawerengedwa mwatsopano caka ndi caka, nambala yotsatana nao ndiyo imaulula nthawi. Kumbuyo kuli cimene boma linafuna kuti anthu akhulupirire: cigonjetso ca nkhondo, tirigu wofika pa doko, mtendere. Koma citsulo cimanena zina. Nero anayamba kucepetsa siliva mu caka ca 64, olowa m'malo mwace naonjeza cizolowezico, kufikira m'masiku a Gallienus, amene anafa mu 268, pamene ndalama yochedwa yasiliva inali mkuwa wongopakidwa pamwamba, siliva wace wosafika magawo 5 pa 100. Mitengo ya zinthu inathamanga. Munthu wa ku Machinjiri amene anaona tambala ikugula kanthu, lero nkuiona itasowa pa msika, safunika kumfotokozera zambiri.

Pali cinthu cimodzi cimene okonda ndalamazi amalakwa kawirikawiri, ndipo ndico ndifuna muciganizire bwino. Ndalama yocotsedwa pa malo pace popanda wolemba za malowo iri ngati mboni imene yaiwala kumene inaima. Buku la mlendo wamalonda la zaka 100 zoyamba za nyengo yathu, Periplus of the Erythraean Sea, lichula Rhapta monga msika wotsiriza pa gombe la kum'mawa kwa Afrika; cotero anthu akhala akufunitsitsa umboni wa malonda a Aroma kumwera kuno. Kunamveka za ndalama zopezeka ku Pondoland, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1890, ndi zina ku Bur Gao, ku Somalia, Nkhondo Yaikuru yoyamba isanabuke. Akatswiri ambiri sazidalira, cifukwa kapezedwe kace sikanalembedwe mosamala, ndiponso asilikari ndi apaulendo odzera ku Egypt ankagula ndalama zotere nayenda nazo m'matumba. Linganizani ndi za ku Frome, ku England, mu 2010. Munthu anapeza mtsuko wa ndalama 52,503, naleka kukumba, naitana odziwa. Iwo pozicotsa pang'onopang'ono kuyambira pamwamba anazindikira kuti mtsukowo unayamba wakwiriridwa m'dzenje, ndalama nkuthiridwamo pambuyo pace, ndi kuti zatsopano koposa zinali za Carausius, amene anaphedwa mu 293. Akadangokhuthulira m'thumba, zonsezi zikadatayika, ngakhale ndalama imodzi osasowa.

Sindikulangizani kuononga malipiro anu pogula denarius pa intaneti. Zonyenga zacuruka, ndipo woyamba kumene sangazisiyanitse. Nchito ya wosonkhanitsa mungathe kuicita ndi zimene ziri m'zitini ndi pansi pa masutikesi a agogo. Muli kobiri loboola pakati la Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, loyamba mu 1955, la njobvu ziwiri, ndi theka lace la akadyansonga. Muli sikisipensi ya 1964 ya tambala, ndi sheleni ya cimanga, zokhala ndi mutu wa Dr. Banda. Mukacita mwai mudzapeza kobiri lalikuru la ku Britain la George V. Liyang'anitsitseni limenelo: dzina la mfumu lalembedwa GEORGIVS, m'Cilatini, ndi V m'malo mwa U monga ankalembera Aroma, ndipo mkazi wokhala pansi kumbuyo kwace, Britannia, anaoneka poyamba pa ndalama za Hadrian, amene analamulira kuyambira 117 kufikira 138. Pamenepo dziko logonjetsedwa ndilo linajambulidwa ngati mkazi. Pambuyo pace ogonjetsedwawo anatenga cithunzi comweco nayenda naco kukalamulira ena.

Ana akabwera nazo ndalamazi, musalole kuti azikwecese ndi phulusa, mcenga kapena ndimu, pakuti kuwala kwa tsiku limodzi kumafafaniza zilembo zimene zapirira zaka 70. Mwana aike pepala pamwamba, akhute ndi pensulo mbali zonse ziwiri, ndipo pansi pa cithunzico alembe mutu wa yani, caka citi, mwini wace ndani, anaipeza kuti, ndi cimene mwini waceyo akumbukira kuti inkagula. Funso lotsirizali lidzawatengera nthawi yaitali kuposa ena onse, cifukwa agogo akayamba za tiki safulumira kutsiriza. Mapepalawo muwasoke pamodzi akhale buku la sukulu, ndalamazo muzibwezere kwa eni ace tsiku lomwelo.