Khosi louma ndi mutu wamadzulo: zimene ndaphunzira nditatopa ndi panado

Ikamakwana 3 koloko masana, tayendani kuchokera ku msika kulowera ku boda n'kumayang'ana anthu amene akhala pansi kuyambira m'mawa. Mnyamata wa mapepala a katundu, mtsikana wa mu kachibokosi kotumizira ndalama, dalaivala wa thiraki amene wagona masiku awiri pa mzere kudikira kuwoloka kupita ku Zobue. Ambiri mupeza dzanja lili kunkhongo, akudzifinya. Ine ndinali m'modzi mwa iwo. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndiye kuzolika ndi kwa tsiku lonse, ndipo ndikaweruka ndimakazolikanso pa WhatsApp ndi TikTok mpaka tulo. Kwa miyezi ingapo mutu unkandiyamba masana alionse, ngati wina wandimanga lamba kuzungulira pamphumi. Ndinayezetsa malungo kawiri, sanapezeke. BP inali bwinobwino. Amene anandithandiza mapeto ake ndi a mafizo, ndipo ndalemba pano zimene anandiuza pamodzi ndi zimene ndawerenga pambuyo pake, kuti wina asawononge ndalama zimene ndinawononga ine pa grosale.

Mutu wake ndi uti?

Si mutu uliwonse umachokera kukhosi, ndiye tiyambe tasiyanitsa. Umene ndikunenawu madokotala amautchula kuti tension-type headache, ndipo ndi mtundu wa mutu umene umagwira anthu ambiri kuposa ina yonse padziko lapansi. Umapweteka mbali zonse ziwiri. Sugunda ngati ng'oma, umangofinya kapena kulemera. Ukhoza kutenga mphindi 30 kapena kukakamira mpaka masiku 7. Munthu amatha kugwirabe ntchito, kuyenda kapena kukwera njinga osawonjezeka, ndipo sasanza. Kawirikawiri ukadina minofu ya kunkhongo ndi pamwamba pa mapewa umamva kuwawa, pena umapeza timfundo tolimba.

Mutu waching'alang'ala ndi nkhani ina. Uja nthawi zambiri umagwira mbali imodzi, umagunda, umabwera ndi nseru, ndipo kuwala ndi phokoso zimakusowetsa mtendere mpaka umangofuna kukagona mu mdima. Masewera a khosi amene ndifotokoze m'munsimu akhoza kupepukitsako, koma waching'alang'ala uli ndi mankhwala ake, kafunseni ku chipatala.

Chimene chimachitika m'khosimu

Khosi lili ndi timafupa 7 tosanjikizana, ndipo pamwamba pake pakhala mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5. Ganizani chigubu cha madzi cha malita 5. Mukachinyamula chili pachifuwa simutopa msanga. Tachigwirani mutatambasula mkono muone ngati mutha mphindi ziwiri. Khosi nalo n'chimodzimodzi: mutu ukakhala pamwamba pa mapewa, mafupa ndi amene amausenza, ukapita kutsogolo, minofu yakumbuyo ndi imene imaukoka kuti usagwe. Pali mnofu waukulu wotchedwa trapezius umene umayambira kunkhongo, kutsikira m'mapewa mpaka pakati pa msana, komanso timinofu ting'onoting'ono pansi penipeni pa chigaza. Mitsempha ya kumtunda kwa khosi imakumana ndi mtsempha umene umamva ululu wa kumaso ndi pamphumi, n'chifukwa chake vuto lili kunkhongo koma iwe umalimva kutsogolo, m'litsipa kapena kuseri kwa maso.

Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsera pa kompyuta kulemera kumene khosi limamva munthu akazolika. Anapeza kuti ukaweramitsa mutu pang'ono, madigiri 15, zimakhala ngati makilogalamu 12. Pa madigiri 30 ndi 18. Pa madigiri 60, mmene ambirife timagwirira foni ili pamiyendo, zimafika 27. Manambala amenewa amazungulira kwambiri pa Facebook ndi zithunzi zoopsa. Koma ndikuuzeni zoona, musachite nawo mantha kwambiri. Anali mawerengero a pa kompyuta, sanayeze anthu odwala. Ndipo mu 2018 ofufuza a ku Brazil atayang'ana achinyamata 150 a zaka 18 mpaka 21 sanapeze kuti amene amazolika kwambiri pa foni ndi amene khosi limawapweteka kwambiri. Khosi si dzira. Linapangidwa kuti liziwerama. Chimene sililola ndi kukhala malo amodzi maola atatu osasuntha, kaya mwawerama kaya mwawongoka ngati msilikali.

Mayi wa mafizo amene anandiona anandifunsa mafunso amene sindinkawayembekezera. “Achimwene, mumagona maola angati? Madzi mumamwa? Ngongole muli nazo?” Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Nkhawa imakweza mapewa munthu osadziwa, ena amakukuta mano usiku, ndipo zonsezi zimathera mu minofu yomweyi. Onjezanipo kusagona, kudumpha nsima yamasana, ndi kutentha kwa mwezi wa October kuno kwathu munthu osamwa madzi poopa kusiya malonda, mutu ndi umenewo.

Pa boda pano aliyense ali ndi njira yake yolipwetekera khosi. Oyenda pa basi ya ku Joni amagona chokhala usiku wonse kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mutu uli lende pawindo. Amayi athu amasenza madengu a manachesi pankhata kuchokera kumudzi. Kusenzako pakokha thupi limazolowera, koma choopsa ndi kudzitwika kapena kutula wekha mokhotetsa khosi, komanso kutembenuza mutu katundu ali pamutu m'malo motembenuka thupi lonse. Akabaza a njinga zamoto amakhala atakweza mapewa tsiku lonse m'mabampu. Enafe ndi foni basi.

Zimene ndimachita tsopano

Choyamba ndi chosavuta mpaka chimakwiyitsa: kusuntha. Mphindi 30 zilizonse ndimaimirira, kuzunguza mapewa chakumbuyo, kuyang'ana uku ndi uku. Tebulo langa ndinaliikira njerwa kunsi kuti likwere, foni yokonza ibwere pafupi ndi maso m'malo moti maso aitsatire. Pocheza pa foni, tsamiritsani zigongono patebulo kapena pamimba kuti foni ikwere. Amene muli pa laputopu, iikeni pa mabuku kuti m'mphepete mwa sikirini chakumtunda mulingane ndi maso. Ndipo lekani kupana foni ndi phewa uku mukuwerenga ndalama. Ma earphone otchipa omwewa amathetsa zimenezo. Maso nawo amatopa n'kubweretsa mutu, choncho mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chakutali kwa masekondi 20. Ngati mumachita kutsinzinira kuti muwerenge meseji, kayezetseni maso.

Masewera enieni amene anandipatsa ndi ochepa. Lalikulu ndi lobweza chibwano. Khalani mowongoka, maso kutsogolo, kenaka bwezani chibwano m'mbuyo ngati wina akukuyandikizirani chinthu chonunkha kumphuno. Musawerame, musayang'ane kumwamba, mutu ungotsetsereka chakumbuyo mpaka pansi pa chibwano papange nkhwinya. Gwirani masekondi 5, masulani, kakhumi. Limaoneka lopusa, anzanga pa shopu anandiseka sabata yathunthu, koma ndi limene limalimbitsa timinofu ta m'kati kutsogolo kwa khosi timene timafooka mwa anthu ozolika. Mukhoza kuyamba mutagona chagada ngati chokhala chikuvuta.

Lachiwiri ndi lokokera mapewa kumbuyo ndi pansi, ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana, masekondi 5, kakhuminso. Lachitatu ndi lotambasula: khalirani dzanja lamanja, pendeketsani khutu lamanzere kulowera ku phewa lamanzere mpaka mumve kukoka mbali inayo, khalani choncho masekondi 20 mpaka 30 mukupuma bwinobwino, kenaka sinthani. Kukoka kuzimveka, koma kusamabaye. Ululu ukathamangira ku mkono kapena mukamva chizungulire, siyani pomwepo.

Ndimachita zimenezi kawiri kapena katatu patsiku. Sabata yoyamba palibe chinasintha ndipo ndinatsala pang'ono kuzitaya. Kusintha ndinakuona patatha pafupifupi mwezi, pamene ndinazindikira kuti paketi ya panado ili m'thumba yosatsegula. Minofu siilimba ndi tsiku limodzi, a mafizo amanena za masabata 6 mpaka 8.

Kuthowa kwa agogo kuja n'kwabwino ndithu. Thaulo loviika m'madzi ofunda, osati owira, kunkhongo kwa mphindi 15 madzulo kumamasula minofu. Kusisita pang'onopang'ono nakonso. Pogona, pilo akhale woti khosi lilingane ndi msana: wochepa ngati mumagona chagada, wokwererako ngati mumagona cham'mbali. Kugona chafufumimba kumapotoza khosi usiku wonse. A pa basi, pindani chitenje kapena juzi muike kuseri kwa khosi, ndipo basi ikaima tsikani muwongole miyendo ngakhale tulo tili m'maso.

Ziwiri zimene sindikugwirizana nazo. China ndi kolala ija yomanga m'khosi imene ena amagula okha. Pa khosi longotopa imangofooketsa minofu, ndi ya anthu ovulala amene dokotala wawalembera. China ndi ometa ena amene akamaliza kukumeta amakugwira mutu n'kuupotokola kuti khosi lilire. Zimakoma kwa mphindi zisanu, koma m'mbali mwa timafupa ta khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo, ndipo ngakhale sizichitika kawirikawiri, kupotokola mwamphamvu kumatha kuing'amba munthu n'kuchita sitiroko. Ine ndimakana, aise meta tsitsi lokha.

Za mapiritsi

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Panado ndi wabwino mutu ukabwera mwa apo ndi apo: munthu wamkulu mapiritsi awiri a 500 mg, osabwereza asanathe maola 4, ndipo osapyola mapiritsi 8 pa maola 24, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi. Koma ukamamwa mankhwala a ululu ngati panado, asipirini kapena bufeni masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi yopitirira itatu, mankhwalawo amasanduka gwero la mutu. Kwa aja osakaniza ndi caffeine kapena codeine malire ake ndi masiku 10 okha. Umadzuka ndi mutu, umamwa, umaleka, mawa wabweranso, iwe n'kumati matenda akula pamene ndi mapiritsi akuitana anzawo. Ine ndinali nditayandikira pamenepo. Bufeni ndi indosidi, amene anthu amangogula ngati maswiti, amakanda m'mimba ndi kupweteka impso. Wa zilonda za m'mimba, wa BP ndi mayi woyembekezera asamwe popanda kufunsa achipatala. Lembani pa kalendala ya mu foni tsiku lililonse limene mwamwa, mudzadabwa.

Pamene simuyenera kuchita masewera, koma kuthamangira ku chipatala

Kuno mutu ndi kutentha thupi ndi malungo mpaka atakuyezani. Khosi louma gwa moti chibwano sichifika pachifuwa, pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza kapena kubwebweta, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, ndipo amapha m'maola ochepa. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphenzi, woopsa kuposa uliwonse umene munamvapo. Kukhota pakamwa, kulephera kulankhula, kufooka mbali imodzi, kukomoka kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Zonsezi ndi za nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Amene ali ndi HIV ndipo mutu wakakamira masiku angapo asadikire tsiku lokatenga mankhwala. Mayi woyembekezera amene mutu wamugwira, nkhope kapena manja zatupa, akayezetse BP lero. Munthu amene wagwa pa njinga yamoto ndipo khosi likuwawa musamudzutse mokoka kapena kumupinda kuti akwane pa kabaza. Mutu ndi khosi zigwiridwe mowongoka. Dzanzi kapena kufooka kwa manja, kugwetsa zinthu, kuyenda modzandira, kapena khosi lowawa usiku limodzi ndi kuwonda ndi thukuta, nazonso n'zofuna dokotala, poti TB imagwiranso mafupa a msana.

Ngati zonsezi palibe koma padutsa masabata angapo osasintha, yambirani ku chipatala chathu cha boma cha Mwanza ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo tchulani mawu akuti mafizo, musangolandira panado n'kubwerera. Akaona kuti n'zofunika amalemba kalata yopita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kudzera pa Zalewa, ndipo kufupi ndi Queens komweko kuli Kachere Rehabilitation Centre. Anthu ambiri amaganiza kuti mafizo ndi a anthu a sitiroko ndi othyoka miyendo okha. Ine ndinapita ndikuyenda ndekha, ndi khosi chabe, ndipo palibe anandibweza. Popita tengani kalendala ija ya masiku a mutu ndi mapiritsi, chifukwa funso loyamba limene adzakufunseni ndi lakuti pamwezi umakupwetekani kangati.