Ufumu wa Oman ndi Minyanga ya ku Luangwa

Inu a kwa Cifunda muli ku migodi, kodi mudziwa kumene minyanga ya njobvu ya m'cigwa canu inali kupita? Inali kukalemeretsa ufumu wa Aluya a ku Oman. Iwowa analanda linga la Mombasa kwa Apwitikizi mu 1698, ndipo mu 1840 mfumu yao Seyyid Said inakhazika likulu lace pa Zanzibar. Mphamvu yace inali m'zombo, m'misonkho ya padoko ndi m'ngongole za Amwenye. Koma cina mwa cumaco, tisabise, cinasenzedwa ndi akapolo. Said atamwalira mu 1856 ana ace anang'amba ufumuwo pawiri. Angelezi anatseketsa msika wa akapolo mu 1873, natenga Zanzibar yemwe mu 1890.