Carl Woese ndi Nthambi Yachitatu ya Moyo

Pa 3 Novembala 1977 nyuzipepala ya New York Times inalemba patsamba lake loyamba za katswiri wina wa pa Yunivesite ya Illinois, dzina lake Carl Woese. Iye ndi mnzake George Fox ananena kuti zamoyo zonse zili m'magulu atatu, osati aŵiri monga mabuku ankaphunzitsira. Akatswiri ambiri anapukusa mitu, ena namdzudzula kuti wathamangira kwa atolankhani. Kodi mkanganowu unagona pati?

Chamoyo chilichonse chimapangidwa ndi timagaŵo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli DNA, ulusi wautali wosunga malangizo a moyo. Pa ulusiwu selo ili ndi ntchito ziŵiri. Yoyamba ndiyo kuukopera wonse isanagaŵikane, kuti selo yatsopano ilandire wake. Yachiŵiri ndiyo kuŵerenga malangizowo: amayamba alembedwa pa kaulusi kena kotchedwa RNA, kenaka timakina totchedwa ribosome timatsata kaulusiko popanga mapuloteni, amene amagwira ntchito zambiri za m'selo.

M'chaka cha 1953, ku Cambridge, James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, anaonetsa kuti DNA ndi zingwe ziŵiri zopotana. Zambiri zimene zinadziŵika pambuyo pake zinaphunziridwa pa bakiteriya mmodzi wa m'matumbo, Escherichia coli. Mu 1956 Arthur Kornberg anapeza mwa iye puloteni yokopera DNA. Mu 1961, ku Paris, François Jacob ndi Jacques Monod anafotokoza momwe bakiteriyayu amatsegulira ndi kutsekera malangizo ake, angapo nthaŵi imodzi. Monod ankakhulupirira kuti choona pa kachilomboka nchoonanso pa njovu.

Koma njovu sinavomere kwathunthu. Maselo a nyama, zomera, bowa ndi anthu, amene akatswiri amawatcha eukaryote, amasunga DNA m'kachipinda kapakati kotchedwa nyukiliyasi, pomwe mabakiteriya alibe kachipindaka. DNA ya Escherichia coli ndi mkombero umodzi wa zilembo pafupifupi mamiliyoni 4.6, kukopera kumayambira pamalo amodzi nkutha m'mphindi ngati 40. DNA ya munthu ili m'zidutswa 46, yokulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone monga ulusi pa kamtengo, ndipo kukopera kumayambira pamalo zikwizikwi. Mu 1969 Robert Roeder ndi William Rutter anapeza kuti maselo otereŵa ali ndi mitundu itatu ya puloteni yolemba RNA, pomwe bakiteriya ali ndi mtundu umodzi wokha. Mu 1977 Phillip Sharp ndi Richard Roberts anaonanso kuti RNA ya m'maselo athu imadulidwa ndi kulumikizidwanso isanagwire ntchito. Mwa bakiteriya, ribosome imayamba kupanga puloteni RNA ikali kulembedwa.

Motero magulu aŵiri anaoneka okwanira: okhala ndi nyukiliyasi ndi opanda. Woese sanakhutire ndi maonekedwe. Kwa zaka zambiri ankakhala m'chipinda chamdima, akuyerekeza zidutswa za RNA ya m'ribosome za tizilombo tosiyanasiyana, pofuna kudziŵa chibale chake. Mu 1976 anayesa tizilombo totulutsa mpweya wa methane, timene timakhala m'mimba mwa ng'ombe ndi m'matope a m'madambo. Tinalibe nyukiliyasi, koma RNA yake inali kutali ndi ya mabakiteriya monga inalilinso kutali ndi ya munthu.

Umboni wina unachokera ku Germany. Kuyambira mu 1979 Wolfram Zillig anaonetsa kuti puloteni yolemba RNA ya tizilomboti ili ndi magaŵo ambiri, yofanana ndi ya eukaryote. Mu 1990 Woese, Otto Kandler ndi Mark Wheelis anatcha gululi Archaea. Mu 1996 DNA yonse ya Methanococcus jannaschii, kachilombo ka m'akasupe otentha a pansi pa nyanja ya Pacific, inaŵerengedwa. Zinapezeka kuti DNA yake ndi mkombero ngati wa bakiteriya, malangizo ake ali m'timagulu ngati a bakiteriya, koma mapuloteni okopera ndi kuŵerenga DNA, ngakhale histone yomwe, ngachibale ndi athu. Mu 2004 kunadziŵikanso kuti kachilombo kena ka gululi, Sulfolobus, kamayambira kukopera pamalo atatu.

Kusiyana kumeneku si nkhani ya m'mabuku mokha. Wodwala chifuwa chachikulu akamwa rifampicin, mankhwalawo amakagwira puloteni yolemba RNA ya bakiteriya, nasiya ya m'nyukiliyasi mwa wodwalayo chifukwa mpangidwe wake ngwina. Streptomycin naye amakasokoneza ribosome ya bakiteriya. Njovu ikadakhala yofanana ndi kachilombo m'zonse, mankhwala opha matenda akadaphanso mwini thupi.

Woese analandira mphoto ya Crafoord ku Sweden mu 2003, ndipo anamwalira mu Disembala 2012. Patapita zaka zitatu, gulu la Thijs Ettema la ku Uppsala linalengeza za tizilombo ta Archaea ta m'matope a pansi pa nyanja, pakati pa Norway ndi Greenland, tokhala ndi malangizo amene kale ankayesedwa a eukaryote okha. Lero akatswiri ambiri akuti eukaryote anaphuka kuchokera mkati mwa Archaea momwemo, kotero kuti nthambi zikuluzikulu zingakhalenso ziŵiri, koma osati zija za m'mabuku akale. Ngati zili choncho, tizilombo timene Woese anatilekanitsa ndi mabakiteriya ndito mbumba imene munthu, chimanga ndi njovu anatulukamo.